Mwamuna wa Lachitatu

1

Mukafika ku Namangan n'kufunsa m'dera lathu, kuseri kwa msika wa nsalu, kuti Oydin mkazi wa Ravshan anapita kuti, adzakuuzani kuti anagwidwa ndi chibwenzi. Adzatsitsa mawu ngati akumva chisoni, koma maso ali waliwali ngati a galu amene waona fupa. Oydin ameneyo ndine. Mwamunayo analipodi, dzina lake Farrux, ndipo ndinkapita kwa iye Lachitatu lililonse. Zoti anali ndani kwa ine ndikuuzani nthawi yake ikakwana. Yambani mwamva kaye kuti ndinali mkazi wotani.

Ndinali kelin, ndiye kuti mtengwa, wabwino kuposa atengwa onse a mumsewu wathu. Kelin aliyense amadzuka kusanache, kuwaza madzi ndi kusesa msewu wa kutsogolo kwa geti la apongozi ake. Ambiri amasesa chaka chimodzi, akangobereka n'kuyamba kusesa mwa apo ndi apo. Ine ndinasesa osaphonya mpaka mwana wanga Sevara anakula n'kufika pofunsiridwa mbeta.

"Taonani kelin wa Tursunoy opa," ankatero akazi a mumsewu, "ameneyu ndiye sakhala pansi!"

Opa ndi mmene timatchulira mayi mwaulemu, ngati kunena kuti achemwali. Apongozi anga, a Tursunoy amenewo, ankatukumuka ngati tsachelo agwira ndi iwo.

Zoona, sindinkakhala pansi. Ndikanakhala bwanji? Ndikangoti ndipume, china chake chinkandigwira pachifuwa ngati ndameza mwala wamoto. Ndinkatseka gasi, kubwerera kukaona ngati ndatsekadi, kubwereranso. Sevara akachedwa pang'ono kuchokera kukoleji, m'mutu mwanga ndimakhala nditamuika kale m'manda, nditasankhanso ndi anthu ophika pamaliro. Mlendo akasiya mpunga m'mbale, ndinkakhala masiku ndikudzizenga mlandu kuti ndalakwitsa mchere kapena mafuta. Nsagwada zinkandiwawa chifukwa chokukuta mano. Zonsezi anthu ankazitcha khama. Kufakitale yosoka zovala kumene ndinkayang'anira anzanga pamakina, anapachika chithunzi changa pakhoma kuti ena atengere chitsanzo. Zitsiru. Munthu akuthamangitsidwa ndi chilombo, iwo akumuwombera m'manja kuti ali ndi liwiro.

2

Ofunsira mbeta anabwera nyengo ya mphesa: mayi ake a mnyamata ndi azakhali awiri onenepa. Mnyamatayo anali Doniyor, wogwira ntchito m'sitolo ya mankhwala ya bambo ake. Iye ndi Sevara anali atadziwana kale kukoleji, ndipo mwana wanga akangomva dzinalo makutu ake ankafiira.

Akazi amenewa sabwera kudzamwa tiyi. Wina anayendetsa chala pamwamba pa kabati akunamizira kuyamikira mbale. Wina anapempha kupita kuchimbudzi, anakakhalako nthawi yokwanira kuwerenga matailosi onse. Anabwerako atakhumudwa, chifukwa sanapeze kanthu.

"Mwanayu waleredwa m'nyumba yaukhondo," anatero mayi a mnyamata. "Tifunsefunse pang'ono monga mwa mwambo, kenako tidzabwere kudzanyema buledi."

Buledi akanyemedwa pamaso pa akuluakulu, chinkhoswe chatheka. Koma zisanafike pamenepo, a kwa mnyamata amayendayenda m'dera kufunsa oyandikana nawo, wogulitsa nyama, mayi wophika buledi, aliyense amene ali ndi pakamwa: banja ili ndi lotani, mulibe chidakwa, mulibe wakuba, mulibe matenda oyenda m'magazi?

Alendo atangotuluka, Sevara anandikumbatira kukhitchini.

"Oyijon, amayi anga, mwawaona mmene amandiyang'anira? Andikonda, eti?"

"Akukonda. Tsuka makapuwo."

Apongozi anga anaima pakhomo atatsamira ndodo yawo. "Mwamva nonse. Kuyambira lero aliyense ayende mowongoka. Ngakhale mphaka wa nyumba ino asayetsemule pamsewu."

Ananena akuyang'ana Ravshan mwamuna wanga, amene ankakonda kuchedwa kunyumba ya tiyi ndi anzake. Ine sanandiyang'ane n'komwe. Ndani akanakayikira tsache?

3

Pa nthawiyo n'kuti nditayamba kale kupita kwa Farrux. Ndinkanena kuti ndikukasankha katundu wa ukwati wa Sevara, ndipo linali bodza losavuta, chifukwa chipinda chake chinali pamwamba pa sitolo ya makatani. Ndinkalowa m'sitolomo, kugwiragwira nsalu, kenako n'kukwera masitepe a kumbali.

Musaganize za mwamuna wokongola. Anali wamng'ono kwa ine, woonda, wovala juzi yotuwa, ndipo tiyi amene ankapanga anali wochititsa manyazi. Koma anali munthu woyamba m'moyo wanga kundiuza kuti, "Khalani pansi, opa," popanda kufuna kuti ndimusokere batani.

Tsiku lina anandifunsa: "Mutapanda kusesa m'mawa umodzi, chingachitike n'chiyani?"

"Anthu angalankhule."

"Akalankhula?"

"Apongozi anga angachite manyazi."

"Akachita manyazi?"

Ndinangomva mwala uja ukutentha.

"Yesani mawa," anatero. "M'mawa umodzi wokha. Mudzandiuze ngati thambo lagwa."

Ndinaseka. Mnyamata ameneyu anaphunzira ku Tashkent, anakulira m'nyumba zosanjikizana kumene msewu amasesa ndi a boma. Sankadziwa chimene ankandipempha. Komabe ndinamumvera. M'mawa mwake ndinagona chagada ndikumva matsache a anzanga, shwe, shwe, msewu wonse. Thukuta linanyowetsa pilo. Koma dzuwa linatuluka ine ndili moyo, ndipo kwa kanthawi kochepa pachifuwa panga panali mbee, ngati chipinda chimene achotsamo katundu.

Thambo silinagwe. Chimene chinagwa ndi diso la Muqaddas opa, mkazi wa geti loyang'anizana ndi lathu, amene mwana wake wamkazi anali atakhala zaka popanda womufunsira. Anaona masamba a mtengo ali mbwee pakhomo pathu.

"Oydin, mwadwala?" anandifunsa masana ake.

"Ayi, opa."

"Kunyumba kuli bwino?"

"Kuli bwino."

"Hmm. Mkazi akataya tsache ndiye kuti wapeza china chogwira," anatero akuseka, akazi ena n'kumuthandiza.

Lachitatu lotsatira ananditsatira. Anandiona ndikukwera masitepe. Anadikira pansi pakati pa makatani, munthu wamkulu woti ali ndi zidzukulu, kubisala kuseri kwa nsalu ngati mbewa. Anandiona ndikutsika maso ali ofiira, mpango utapendekeka, nkhope itamasuka mwa mtundu umene anali asanauonepo. Anaonanso mwamuna akutsegula zenera pamwamba.

Nkhaniyo inafika kwa wogulitsa nyama ine ndisanatsike basi.

4

Apongozi ndi Ravshan anandiitanira m'chipinda cha alendo, momwe timayala makapeti abwino. Apongozi anakhala kumtunda, Ravshan pambali pawo ngati mwana wasukulu.

"Ndani?" anafunsa Ravshan.

Ndinakhala pansi pafupi ndi khomo.

"Ndikufunsa iwe, mayi a Sevara! Ndani? Anzanga kunyumba ya tiyi akusiya kulankhula ndikamalowa!"

"Ndiye mwapeza mpata wolankhula inuyo, dadasi, bambo a Sevara. Si mumadandaula kuti amakudulani mawu?"

Sindikudziwa kumene mawu amenewo anachokera. Ravshan anadzuka, dzanja lili m'mwamba, koma mayi ake anagogoda pansi ndi ndodo.

"Khala pansi iwe. Ukamumenya atuluka ndi chipsera, ofunsira mbeta akuzungulira m'dera muno." Kenako anatembenukira kwa ine. "Kelin, ndakudyetsa m'nyumba muno kuyambira uli kamtsikana. Ndiuze kuti ndi bodza."

"Kumeneko ndimapitadi, oyijon."

"Kwa mwamuna?"

"Kwa mwamuna."

"Mumakhala awiriwiri?"

"Awiriwiri, chitseko chotseka."

Mwina mukufunsa chifukwa chake sindinangonena zonse pomwepo. Ndinkawadziwa anthu anga, ndiye chifukwa chake. Ndinali ndisanasankhe kuti mwa zoipa ziwiri, chopepuka n'chiti.

Apongozi anandiyang'anitsitsa. Mayi amenewo sanali opusa, nkhanza zokha ndiye zinali zambiri.

"Hule savomera msanga chonchi," anatero. "Lachitatu tipitira limodzi. Ndikamuone ndi maso anga."

5

Anakwera masitepe aja akupuma mwabefu, akutukwana sitepe iliyonse. Farrux atatsegula, anayang'ana iwo, anayang'ana ine, n'kuika dzanja pachifuwa.

"Takulandirani, mayi. Lowani."

Apongozi analowa maso ali patsogolo kufuna bedi. Anapeza mipando iwiri, katebulo, kabokosi ka mapepala opukutira misozi, ndi duwa lofota pazenera.

"Ndiwe ndani iwe kwa kelin wanga?"

Farrux anandiyang'ana. "Opa, mukundilola ndinene?"

Ndinagwedeza mutu movomera.

"Ndine dokotala wa maganizo, mayi. Oydin opa amabwera kudzalandira chithandizo. Ali ndi matenda a nkhawa."

Chibwenzi changa chinali chimenecho. Miyezi ingapo m'mbuyomo ndinali nditagwa pamsika, pakati pa ogulitsa anyezi, mpweya utandithera, ndikutsimikiza kuti ndikufa. Kuchipatala anandiyeza mtima, magazi, chilichonse, n'kundiuza kuti ndili bwino ngati hatchi. Namwino wina wachikulire ndi amene ananditsatira pakhonde n'kundinong'oneza kuti pamwamba pa sitolo ya makatani pali munthu wothandiza odwala ngati ine, ndipo sauza aliyense.

Apongozi anakhala pampando wanga mwaphee. Ndinkayembekezera kuti apuma mpweya wa chisangalalo, kuti mwana wawo sanachitidwe chipongwe. Nkhope yawo inachita kutuwa.

"Wamisala," ananong'ona.

"Ayi ndithu, mayi," anatero Farrux. "Si misala. Anthu ambiri ali nawo, ena ndi aphunzitsi, ena ndi madokotala. Amagwira ntchito kuposa anzawo, koma mkati akuvutika. Ndipo opa akupeza bwino."

"Ndiyankhe chimodzi, mwana wanga. Zimenezi zimayenda m'magazi?"

Ndinamuyang'ana ndi maso onse, kumupempha kuti aname. Koma anthu ophunzira ali ndi uchitsiru wawowawo.

"Nthawi zina zimapezeka mwa anthu a banja limodzi, koma sizitanthauza kuti..."

Apongozi anali ataimirira kale.

Tinayenda mpaka pamalo odikirira basi. Pamenepo anandigwira mkono, zala zawo zolimba ngati mapulayala.

"Tamvera, kelin. Chibwenzicho chikhale chibwenzi."

"Mwati bwanji, oyijon?"

"Wamva. Mayi wachiwerewere timamuchotsa pakhomo, n'kuuza anthu kuti mtsikanayo analeredwa ndi agogo ake, magazi ndi a bambo ake. Zimachitika, anthu amanyinyirika, ukwati n'kuchitika. Koma mutu wowonongeka tingauchotse bwanji mwa Sevara? Bambo a mnyamata uja amagulitsa mankhwala, akangomva za dokotala wa mitu sabweranso. Ndipo palibe wina adzabwere. Ukufuna mwana wako akalambire pakhomo ngati wa Muqaddas?"

"Mukufuna ndivomere uhule umene sindinachite."

"Wavomera kale pamaso pa mwamuna wako. Ungopitiriza kutseka pakamwa, ntchito imene umaidziwa bwino."

Ravshan atauzidwa zoona zake, anapuma mwamphamvu, anaseka pang'ono, kenako mayi ake atamufotokozera dongosolo lawo, anakanda m'mutu.

"Ndi kwa kanthawi chabe, mayi a Sevara. Upite kwa mkulu wako ku Andijon. Ukwati ukatha, anthu akaiwala, tidzaona."

Ndinazindikira kuti zamukomera. Mwamuna wothawidwa anzake amamugulira tiyi n'kumusisita paphewa. Mwamuna wa mkazi wamisala amamuseka.

Ndinavomera. Mukanakhala inu mukanatani? Ndinali nditaona makutu a mwana wanga akufiira.

6

Chimene sindinachiganizire ndi maso a Sevara. Agogo ake analamula kuti asauzidwe, poti mtsikana wosangalala sasunga chinsinsi. Masiku amene ndinkalongedza katundu, ankatuluka m'chipinda ndikangolowa. Akandipatsira kapu ankaiika patebulo kuti zala zathu zisakhudzane.

Za Muqaddas opa ndi gulu lake ndinalibe nazo ntchito. Koma izi zinandikanika.

Tsiku loti mawa lake ndinyamuka, ndinamupeza kukhitchini masana akuwaza karoti wothira mumpunga. Ndinatenga mpeni wina n'kuima pambali pake.

"Ukuwaza zonenepa kwambiri. Apongozi ako adzakuseka."

"Musandiphunzitse za apongozi inuyo."

"Sevara."

"Pa msinkhu wanuwu, oyijon! Ndi kamnyamata! Simukanadikira kuti ndikwatiwe kaye? Anzanga akunditumizira mauthenga ondipepesa ngati mwamwalira. Bwenzi zili bwino mukanamwaliradi!"

Mpeni unandigwa m'manja. Ndinatseka chitseko cha khitchini n'kumuuza zonse. Za pamsika. Za gasi. Za maliro ake amene ndinkakonza m'mutu tsiku lililonse akachedwa. Za mipando iwiri ndi tiyi woipa. Ndinamuuza kuti chiyambire sindinagwiridwepo dzanja ndi mwamuna wina kupatula bambo ake.

Analira. Anandikumbatira, nkhope yake m'khosi mwanga, akununkhira karoti ndi sopo. "Oyijon, oyijon, bwanji osandiuza? Zaka zonsezi?" Ndinamusisita kumsana, ndipo ndinaganiza kuti zatha, ena onse anene zimene akufuna, wanga wandibwerera.

Kenako ndinamva thupi lake likuuma pang'onopang'ono. Anadzichotsa, anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndani wina akudziwa?"

"Agogo ako ndi bambo ako."

"A kwa Doniyor?"

"Ayi."

"Muqaddas opa?"

"Iye akudziwa za chibwenzi basi."

Anatembenukira ku karoti uja. Anatola mpeni wake.

"Ndiye zikhale choncho, oyijon," anatero motsitsa mawu, osandiyang'ana. "Akhale mwamuna."

Anayambanso kuwaza. Ulendo uno ankawaza zopyapyala bwino, monga ndinamuphunzitsira.

7

Buledi ananyema ine ndili ku Andijon. Akuti mayi a Doniyor analira pomvera chisoni mtsikana wosalakwa amene mayi ake anamuchititsa manyazi, n'kulonjeza kuti adzamutenga ngati mwana wawo. Ukwati unali waukulu, malipenga, anthu odzaza holo. Ndinauonera pafoni ya mkulu wanga.

Chisanu chitatha Ravshan anandiimbira foni. Mayi ake anali atadwala miyendo, nyumba inali itada, malaya ake analibe wosita.

"Ubwere mwakachetechete. Anthu tiwauza kuti ndakukhululukira."

"Mwandikhululukira chiyani, dadasi?"

"Aa, iwenso, ukudziwa zimene ndikutanthauza."

Ndinadula foni. Ndinapeza ntchito m'sitima zapamtunda zoyenda maulendo ataliatali, kugawa zofunda ndi tiyi kwa apaulendo. Ndazungulira dziko lino ndi oyandikana nalo, ndipo ndakalambira m'njira. Anthu a m'sitima amaulula zinthu kwa mayi wobweretsa tiyi zimene sangauze m'bale wawo, poti akudziwa kuti mawa sadzamuonanso. Ndamva zambiri. Mwa anthu ovala bwino amene amayamikiridwa kwawo, ochuluka ndithu ali ndi mwala wawo pachifuwa, ndipo aliyense amaganiza kuti ali yekha.

Ine sindinachiriretu, ndisakunamizeni. Ndimayang'anabe chitseko cha sitima kawiri. Farrux ndimalankhula naye pafoni, tsitsi lake layamba imvi, ndipo mpaka lero amapepesa chifukwa cha yankho lija. Ndimamuuza kuti asiye, iye ananena zoona, anthu a kwathu ndi amene anali owola.

Inu owerenga, ndikudziwa mmene mwawerengera nkhaniyi. Pamene mumaganiza kuti ndi ya chigololo munasendera pafupi. Musachite manyazi, ndi mmene tilili. Tchimo timalimvetsa, timalikonda, tili ndi malo olisungira. Koma munthu akati mutu wanga watopa, ndikufuna thandizo, timabisa ana athu. Ndiye musanawatukwane apongozi anga, dzifunseni kuti mwana wanu atabwera ndi chibwenzi chimene mayi ake amapita kwa dokotala wa maganizo, mungafunse funso lanji loyamba. Mayi aja sanapeke okha mantha amenewo. Anawerenga bwino mitima ya anthu ngati inu, ndipo sanalakwitse.

Chaka chatha Sevara anabereka mwana wamkazi. Anandiimbira, mawu ake ang'onoang'ono.

"Oyijon, apongozi anga akupita kumudzi kumapeto kwa mwezi. Mutha kubwera kudzamuona. Mudzalowere kukhomo la kuseri, wina akafunsa tidzati ndinu azakhali."

Ndinamuuza kuti ndibwera ndi mtima wonse, tsiku lililonse limene akufuna. Koma ndidzalowera pageti la kutsogolo, apongozi ake alipo, ndipo wina akandifunsa chimene chinandichotsa ku Namangan, ndidzamuyankha.

Ndinkamva khandalo likulira chapatali.

"Ndiye dikirani kaye," anatero.

Ndikudikira. Akuti mwanayo wayamba kuyenda.